Tiyi wothyola pamakwerero

Amene anadutsapo ku Thyolo kapena ku Mulanje amadziwa tiyi ngati chitsamba chofika m'chiuno, chometedwa pamwamba kuti othyola asavutike. Koma tiyi ndi mtengo. Ukausiya osaudulira umapitirira denga la nyumba. Ku Yunnan, chigawo cha kum'mwera chakumadzulo kwa China, othyola ena amakwera m'nthambi, ena amayedzeka makwerero, kuti afikire nsonga zanthete.

Paphiri la Jingmai, m'dera la Pu'er, anthu a mtundu wa Blang ndi Dai akhala akusamala mitengo yotereyi kwa zaka pafupifupi 1,000. Makolo awo sanagwetse nkhalango. Ankangosadzula tchire apa ndi apo nkubzala tiyi pansi pa mitengo ikuluikulu, kuti mthunzi uzimuteteza ndipo masamba oyoyoka akhale manyowa. Mu Seputembala 2023 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Apa ndiye pamene amalonda amakokomeza. Papaketi amalemba kuti ndi tiyi wakutchire, pomwe yambiri mwa mitengoyi inachita kubzalidwa ndi anthu, kenako nkusiyidwa kuti izikula mwaufulu. Yomera yokha iliko ndithu, makamaka mtundu wotchedwa Camellia taliensis, womwe ndi wachibale wa tiyi wathu uja, koma ndi yochepa ndipo imakhala kutali m'mapiri. Za zaka nazonso zimafuna mtima wofatsa. Ku Fengqing, ku Yunnan komweko, kuli mtengo umene amati uli ndi zaka 3,200, koma chiwerengerocho nchongoyerekeza. Ndani angalole kuudula kuti awerenge mizere ya m'thunthu?

Kale masamba a ku Yunnan ankapangira kwambiri tiyi wa pu'er, wodinda ngati chikondamoyo. Tiyi wakuda anabwera ndi nkhondo. Asilikali a Japan atalanda madera a kum'mawa kwa China, katswiri wina dzina lake Feng Shaoqiu anafika ku Fengqing mu 1938 kudzayesa masamba akuluakulu a kumeneko, ndipo mu 1939 fakitale inayamba kupanga tiyi wotchedwa Dianhong woti agulitse kunja.

Kumidzi ya m'mapiri ntchito yambiri ikadali yamanja. Masamba akathyoledwa amayalidwa pamalichero ansungwi mpaka atafota, moti ukapinda phesi silithyoka. Kenako amawafikisa, kuwapotokola mpaka madzi ake atatuluka nkumamata m'manja. Akatero amawaunjika nkuwafunditsa nsalu yonyowa. M'maola ochepa kubiriwira kuja kumasanduka kofiirira, fungo la udzu nkutha, kukabwera lonunkhira ngati zipatso zakupsa. Ena amaumitsa pamoto, ena amayanika padzuwa, ndipo wapadzuwayu amati amakoma kwambiri akasungidwa chaka kapena ziwiri.

M'kapu mumalowa tiyi wofiira, wosawawa, wotsekemera chapansipansi. Okonda tiyiyu sathiramo mkaka kapena shuga, ndipo masamba omwewo amawathira madzi otentha kangapo asanawataye. Kwa ife amene tinazolowera masupuni atatu a shuga, zimenezi nzovuta kumvetsa.

Dzina loti mtengo wakalekale lili ndi ndalama, ndipo ndalamazo zabweretsa mavuto awiri. Amalonda ena amasakaniza masamba a m'minda wamba nkulemba dzina la phiri lotchuka, chifukwa tiyi akauma wogula sangasiyanitse ndi maso. Koma chodetsa nkhawa kwambiri ndi mitengo yeniyeniyo: imathyoledwa mopyola muyeso, nthambi zimakhadzuka ndi okwera, ndipo nthaka ya patsinde imalimba ndi mapazi a alendo odzajambulitsa. Pa 1 Malichi 2023 boma la Yunnan linayamba kugwiritsa ntchito lamulo loteteza mitengo ya tiyi ya zaka 100 kupita m'tsogolo. Lamulolo limaletsa kuidula kapena kuizula popanda chilolezo, komanso kupopera mankhwala opha udzu amene angaiwononge.