Ntchito yoyamba yolemba mapulogalamu a kompyuta: khomo lina lili kuchipatala

Aliyense amene analembetsapo dzina kuchipatala cha Gulupu amakadziwa kapepala ka timizere takuda kamene amamata pabuku la kuchipatala. Kalaliki akakaunika ndi kamakina, dzina la wodwala ndi zaka zake zimaonekera pa kompyuta nthawi yomweyo. Zimenezi sizichitika zokha. Pali anthu amene anakhala pansi n'kulemba malangizo ouza kompyutayo chochita, ndipo ambiri mwa iwo ndi Amalawi.

Ntchito imeneyi ndi imene achinyamata ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akuifuna lero. Ena anamaliza maphunziro ku MUBAS, ku MUST kapena ku NACIT, ena anadziphunzira okha pa intaneti. Koma makolo ambiri akudandaula kuti pepala lilipo, laputopu anagula movutikira, mwana akadali pakhomo. Kodi ntchito yoyamba imapezeka bwanji?

Mmene zinayambira

M'chaka cha 2001, Gerry Douglas ndi anzake anaika makompyuta ongodina ndi chala pagalasi kuchipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, kuti azilembera odwala. Ntchitoyi ndi imene inabala bungwe la Baobab Health Trust. Boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, odwala anachuluka moti mabuku a kaundula sanakwanenso, ndipo mu 2006 pulogalamu yotsatira anthu olandira mankhwalawa inayamba kugwira ntchito ku Gulupu. Poti magetsi kuno amathimathima, makinawo anawalumikiza ku mabatire.

Zina zinatsatira. Mu 2011 kunabwera cStock, imene alangizi a zaumoyo amaitanitsira mankhwala potumiza uthenga wa pafoni, komanso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka. Malipoti a mwezi ndi mwezi a zipatala amalowa mu DHIS2, pulogalamu yochokera kusukulu ya ukachenjede ya Oslo ku Norway. Zonsezi zimafuna anthu ozikonza, kuziyesa ndi kuzisamala. Nawo mabungwe a kafukufuku amene ali mu Blantyre muno, monga Malawi-Liverpool-Wellcome ndi sukulu ya KUHeS, amafuna anthu osamala ziwerengero. Kunja kwa zaumoyo kuli mabanki ndi makampani a mafoni.

Tisanamizane, mipata ndi yochepa poyerekeza ndi oifuna. Ntchito zambiri za kompyuta m'zaumoyo zimadalira thandizo la kunja, ndipo dziko la America litadula thandizo lake mu 2025 mapulojekiti ambiri anagwedezeka. N'chifukwa chake kukonzekera bwino n'kofunika.

Woyamba kumene amachita chiyani?

Sapatsidwa pulogalamu yonse kuti alembe yekha. Amakonza tizolakwika ting'onoting'ono, amayesa ngati zimene anzake alemba zikuyenda, amatulutsa malipoti, ndipo nthawi zina amatumidwa kuchipatala kukaona chifukwa chimene makina osindikiza timapepala tija aimira. Chilichonse chimene walemba chimayamba chaunikidwa ndi wamkulu wake, monga mmene wophunzira zachipatala sapereka mankhwala popanda womuyang'anira.

Kuunikako kuli ndi chifukwa. Pulogalamu ikalakwitsa kuwerengera tsiku lobwereranso kuchipatala, wodwala atha kukhala sabata yathunthu wopanda mankhwala, ndipo kudumphitsa ma ARV kumapatsa kachirombo mpata woyamba kupima mphamvu ndi mankhwalawo. Choncho olemba ntchito safuna wanzeru yekha ayi. Amafuna munthu wosamala, wofunsa pamene sanamvetse, womvera akamuwongolera.

Pepala lokha silikwanira

Ofunsira ntchito onse amabwera ndi dipuloma kapena digiri. Amene amaoneka pagulupo ndi amene ali ndi chinthu chogwira ntchito choti aonetse. Wachinyamata adziwe bwino chilankhulo chimodzi cha kompyuta, monga JavaScript kapena Python, kuphatikizapo SQL, imene amafunsira zinthu zosungidwa mu kompyuta. Kulumphalumpha pa zilankhulo zisanu kumangomusiya wosadziwa ngakhale chimodzi.

Zimene walemba aziike pa GitHub, pamene olemba ntchito atha kuziona. Mapulogalamu a DHIS2 ndi OpenMRS ndi otseguka: aliyense atha kuwerenga mmene anawalembera, kuphunzirapo, ngakhale kutumiza zokonza zake kwaulere. Wofika pa intavyu atawagwirapo kale ali patsogolo pa anzake.

Pa intavyu kawirikawiri amapereka kantchito kakang'ono, kenako n'kufunsa chifukwa chimene wakachitira motero. Masiku ano ChatGPT ndi zinzake zimatha kumulembera munthu pulogalamu, koma wongokopera amagwidwa pa funso lachiwiri. Ndipo asanyoze zoyambira pansi. Kulowetsa ziwerengero mu kompyuta kapena kuphunzira ntchito miyezi ingapo kumamudziwitsa kwa anthu amene mawa adzafune wolemba mapulogalamu.

Mavolontiya muli ndi chuma

Vuto la achinyamata ambiri ndi loti sadziwa choti apange, ndiye onse amangopanga zofanana zimene anaonera pa YouTube. Inu amene mumayenda khomo ndi khomo mumawadziwa mavuto enieni: mayi amene waiwala tsiku la sikelo, mwana amene wadumpha katemera, wodwala TB amene wasamuka lendi osatsanzika, lipoti limene limanyowa ndi mvula m'chikwama. Mufotokozereni wachinyamata wa m'dera lanu limodzi mwa mavutowa, apange kapulogalamu, inu mukayese ndi kumuuza pamene pakuvuta. Kapulogalamu kotha kugwira ntchito pa foni yotchipa, m'Chichewa, ngakhale netiweki itasowa, kamalankhula mokweza kuposa CV ya masamba anayi.

Koma apa pali malire osadumphika. Musamupatse kaundula weniweni, chithunzi cha tsamba lake, kapena maina ndi manambala a odwala. Poyeserera agwiritse ntchito maina opeka. M'makwalala athu mmene nyumba zili khoma ndi khoma, dzina limodzi la munthu womwa ma ARV likatuluka litha kupasula banja kapena kumusiyitsa mankhwala. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina, limene linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo wachinyamata wosonyeza kuti amalemekeza chinsinsi cha wodwala amakhulupirika msanga.

Gawo la makolo

Mwana amene watsekula laputopu tsiku lonse sikuti nthawi zonse akuonera mafilimu. Mufunseni akuonetseni chimene akupanga ndipo akufotokozereni m'Chichewa. Akatha kukumvetsani inu, adzathanso kumumvetsa namwino. Ngati mungathe, muthandizeni bandulo ndi malo opanda phokoso.

Chenjerani ndi akamberembere. Ntchito yeniyeni sayamba ndi kukuuzani kuti mutumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti dzina lilowe pamndandanda.

Yang'aniraninso thanzi lake. Pa mphindi 20 zilizonse achotse maso pagalasi n'kuyang'ana patali, aziimirira kuwongola msana, ndipo asamachezere usiku wonse. Kukanidwa ntchito kambirimbiri kumapweteka mumtima. Mukaona kuti wasiya kudya, sakugona, akudzipatula kapena wayamba kumwa mowa mwauchidakwa, khalani naye pansi mwachifatse, ndipo zikapitirira pitani naye kuchipatala chapafupi. Akayamba kulankhula zofuna kudzipha, musadikire kuti kuche.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yoyamba imatha kutenga miyezi, koma miyezi imeneyo isapite pachabe: pofika tsiku la intavyu, mwana wanu akhale ndi chinthu chimodzi chimene anapanga yekha, chimene volontiya wa m'dera lake anachiyesa n'kuvomereza kuti chikuthandiza.