Chikomekome cha Mkuyu: Tizilembo Tokongoletsa pa Intaneti

Masiku ano pa Facebook, Instagram ndi WhatsApp achinyamata ambiri akulemba maina awo ndi tizilembo tachilendo, tooneka ngati zilembo zazikulu koma tofupika msinkhu, motere: ᴛᴀᴋᴜʟᴀɴᴅɪʀᴀɴɪ. Eni ake amati nkukongoletsa. Kodi tizilemboti tidachokera kuti?

Osindikiza mabuku ku Ulaya adayamba kugwiritsa ntchito zilembo zamtunduwu m'zaka za m'ma 1500. Koma tomwe tikuona pa foniti si zilembo wamba zovekedwa malaya atsopano ayi. Ndi zizindikiro zina ndithu, zomwe adakonza akatswiri a kamvekedwe ka mawu. Bungwe la International Phonetic Association, lomwe lidabadwira ku Paris mu 1886, limalemba ʀ poimira liwu lonjenjemera lotulukira kukhosi. Tina monga ᴀ ndi ᴇ tidachokera m'kalembedwe komwe Eemil Setälä wa ku Finland adafalitsa mu 1901, ndipo tidaloŵa mu Unicode, kaundula wa zilembo za pa kompyuta, mu 2003. Popeza sitidapangidwe kuti tikhale alifabeti yathunthu, Q adaonjezedwa mochedwa, mu 2018, pomwe X alibe mnzake, ndipo olemba amangobwereka x wamng'ono. Naye ŵ wathu wa m'dzina la Malaŵi alibe kachilembo kakekake m'gululi.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anzathu osaona amaŵerenga foni pomvetsera pulogalamu yoŵatchulira mawu. Ikakumana ndi tizilemboti, pulogalamuyo mwina imatchula dzina lalitali la kachilembo kalikonse, mwinanso imangodumpha. Uthenga wa maliro kapena wa ukwati wolembedwa chonchi umasanduka phokoso kapena chete kwa mbale wathuyo.

Amalonda nawo achenjere. Kwa kompyuta, ᴀ ndi A ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Mayi wogulitsa kaunjika akalemba dzina la malonda ake ndi tizilemboti, wogula wolifufuza ndi zilembo wamba kaŵirikaŵiri salipeza. Pa mafoni ena akale pamangooneka timabokosi.

Sitikunena kuti kukongoletsa nkulakwa. Koma dzina, mtengo wa katundu, tsiku ndi malo a msonkhano tizilemba ndi zilembo wamba, kuti uthenga ufike kwa aliyense, woona ndi wosaona yemwe.