Intaneti yaulere ya eduroam ifike kunja kwa mipanda ya sukulu za ukachenjede

Unduna wa Maphunziro ukufuna kufotokozera ophunzira, aphunzitsi, ochita kafukufuku ndi oyang'anira malo ofikako anthu ambiri za intaneti yopanda nthambo yotchedwa eduroam, ndi chifukwa chake n'kofunika kuti izipezekanso kunja kwa sukulu.

Vuto lake

Ophunzira ambiri a m'sukulu za ukachenjede sagonera pasukulu chifukwa malo ogona ndi ochepa. Ena amachita lendi ku Chikanda mumzinda wa Zomba, ena ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu. Enanso amatha miyezi ali m'zipatala, m'minda kapena m'sukulu za sekondale akuphunzira ntchito. Onsewa akangotuluka pachipata, intaneti ya sukulu imatsalira m'mbuyo, ndipo kuti awerenge buku kapena atumize ntchito kwa mphunzitsi amayenera kugula bandulo ndi ndalama yomwe akadagulira ndiwo. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, zinaonekeratu kuti mwana wa munthu wosauka ndiye amayamba kutsalira maphunziro akamadalira intaneti yogula.

Mmene eduroam imagwirira ntchito

Ganizo la eduroam linabadwira ku Netherlands mu 2002, ndipo lero ikupezeka m'maiko oposa 100. Kuno ku Malawi imadzera ku bungwe la MAREN, lomwe limalumikiza sukulu za ukachenjede ndi malo a kafukufuku. Bungweli ndi membala wa UbuntuNet Alliance, mgwirizano wa mabungwe otere kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, womwe likulu lake lili ku Lilongwe.

Wophunzira amalandira dzina lolowera ndi mawu achinsinsi kusukulu kwake, n'kuzilowetsa kamodzi mufoni kapena mukompyuta. Akafika pamalo ena alionse pomwe pali eduroam, makina a pamalopo amafunsa sukulu yake ngati iye alidi wophunzira wawo. Sukuluyo ikavomereza, amalumikizidwa nthawi yomweyo, osalipira kanthu. Mawu achinsinsiwo amayenda obisika mpaka kusukulu kwake, choncho eni malo sawaona. Motero wophunzira wa ku MUST atha kugwiritsa ntchito eduroam ali ku Mzuzu University kapena ku Nairobi monga ali kwawo.

Kuyifikitsa kunja

Njira imeneyi siifuna kuti malowo akhale sukulu. Laibulale, chipatala, bwalo la ndege kapena ofesi ya khonsolo yomwe ili kale ndi WiFi itha kuulutsanso eduroam pa zipangizo zomwezo, ngati zili zoyenerera. Ku Uganda, bungwe la RENU linayamba mu 2020 kufalitsa eduroam m'madera a mzinda wa Kampala kuti ophunzira aziipeza pafupi ndi kumene amakhala. Kuno kwathu, ntchito ya Digital Malawi, yothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, inaika WiFi yaulere m'malo ena monga misika, zipatala ndi malaibulale. Malo oterewa ndi poyambira pabwino.

Tisaiwale kuti yaulere kwa wophunzira ili ndi woilipira. Pamafunika magetsi odalirika, intaneti yokwanira anthu ambiri nthawi imodzi, ndi amisiri okonza zipangizo zikawonongeka. Mutu umodzi susenza denga: sukulu, makhonsolo ndi makampani a intaneti ayenera kugwirana manja.

Zoyenera kuchita

Ophunzira ndi ochita kafukufuku afunse ku ofesi yoona za makompyuta pasukulu pawo ngati sukuluyo ili pa eduroam, ndi mmene angakonzere foni kapena kompyuta yawo moyenera. Asabwereke mnzawo mawu achinsinsi, pakuti chilichonse chochitika m'dzina lawo adzayankha ndi iwo. Adziwenso kuti eduroam yeniyeni siitsegula tsamba lofunsa mawu achinsinsi. Akaona zotere, asalembepo kanthu.

Oyang'anira malo amene angafune kulandira eduroam akulimbikitsidwa kukambirana ndi MAREN kapena ndi sukulu ya ukachenjede yomwe ali nayo pafupi.