Parishi ya Mzimu Woyera ku Ndirande (Gawo Lachiŵiri)

Sabata yatha, aŵerengi okondedwa, tinasiyana pa Nzama m'boma la Ntcheu, pamene ansembe atatu a chipani cha Montfort anamanga msasa wawo m'chaka cha 1901. Lero tioloke Shire, tikwere mtunda, tifike m'tauni, chifukwa funso limene ana a sukulu amandifunsa kaŵirikaŵiri ndi lakuti: kodi tchalitchi chimayamba bwanji pamalo pamene anthu ake onse ndi obwera?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti Blantyre sunali mudzi wa Akatolika. Anaukhazikitsa ndi amishoni a ku Scotland m'chaka cha 1876, ndipo tchalitchi chawo cha St Michael and All Angels, chimene chinatha kumangidwa mu 1891, chili pakhomo penipeni pa Ndirande. Ansembe a Montfort anayamba azungulira kaye. Anatsegula Nguludi mu 1903, ndipo mu 1913 ndi pamene analoŵa m'tauni, pamalo amene lero timangoti pa CI. Pambuyo pake anamanganso ku Limbe, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha arkidayosizi.

Zinthu zinasintha ndi ufulu wodzilamulira. Blantyre ndi Limbe anali ataphatikizidwa kale mu 1956, ndipo mu 1966 kalembera anapeza anthu opitirira pang'ono 100,000 mumzindawu. Mu 2018 anali pafupifupi 800,000. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead itatsegulidwa mu 1967, ndi ya moŵa ya Carlsberg mu 1968, anyamata anakhamuka kuchokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba. Anasankha Ndirande pa chifukwa chimodzi chomveka: munthu ankatha kuyenda pansi kupita ku ntchito ku Makata popanda kulipira basi. Nyumba za zidina zinamera ngati bowa m'mbali mwa Nasolo mpaka m'tsinde mwa phiri. Tsono Ambuye James Chiona, Mmalaŵi woyamba kukhala Arkiepiskopi wa Blantyre kuyambira 1967, anapeza nkhosa zitasamukira m'malokeshoni pamene abusa anali oŵerengeka.

Thandizo linachokera kumene sitikanayembekeza. Ansembe ambiri a ku Ireland a chipani cha Mzimu Woyera ankatumikira kum'maŵa kwa Nigeria. Nkhondo ya Biafra itatha mu 1970, boma la dzikolo linaŵatulutsa, ndipo anabalalikira m'maiko osiyanasiyana. Ena anafika kuno kwathu, ndipo Ndirande ndi amodzi mwa malo amene chipanichi chinapatsidwa kuti chisamalire. Aphunzitsi anzanga a mbiri angakondwe kudziŵa kuti Claude Poullart des Places, amene anayambitsa chipanichi ku Paris mu 1703, anali bwenzi la Louis de Montfort kuyambira ali pasukulu ku Rennes. Ana awo auzimu anadzakumananso ku Blantyre patapita zaka zoposa 250.

Komabe ndinganame nditanena kuti ansembe ndiwo anamanga parishi. Agogo anga aakazi, amene anabatizidwa ku Nguludi nadzatsata amuna awo m'tauni, ankati chimene chinkaŵaopsa m'Ndirande sichinali njala ayi, koma maliro. Kumudzi munthu akamwalira, mfumu imadziŵa, adzukulu amadziŵa, mbumba imasonkhana yokha. Nanga m'lokeshoni, m'mene woyandikana naye ndi Mlomwe, winayo Myao, winayo Msena, adzakugonera pa siŵa ndani? Yankho linali mphakati. Maepiskopi a chigawo chino cha Afrika, pa misonkhano yawo ya AMECEA ya 1973 ndi 1976, anagwirizana kuti moyo wa Mpingo ukhazikike pa timagulu ta mabanja oyandikana, ndipo Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe ndi amene anaumirira kwambiri maganizo ameneŵa. Pa pepala inali mfundo ya akuluakulu, koma ku Goliyo ndi ku Chinseu inasanduka ufa wa m'mbale, nkhuni, ndi amayi oimba usiku wonse pakhomo pa munthu amene mwezi wathawo sankamudziŵa n'komwe dzina.

Mphakati ndiwo umaona wodwala, ndiwo umachitira umboni mwana wofuna ubatizo, ndiwo umatolera mtulo, ndiwonso umayanjanitsa banja likagwedezeka. Ineyo kuŵerenga pagulu ndinakuphunzirira kumeneko, pabwalo la nyumba ya eni, ndili Sitandade 5, maondo akuombana. Ndinaonanso mlonda wa pafakitale ali wapampando, kalaliki wovala tayi akudikira kuti apatsidwe mpata wolankhula. Sukulu ya utsogoleri yotere sindinaipezenso ngakhale ku yunivesite.

Mphamvu ya dongosolo limeneli inaoneka pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi yodzudzula kupanda chilungamo m'dziko inaŵerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Boma linailetsa, koma inali italoŵa kale m'makutu ndi m'matumba a anthu. Mu Meyi chaka chomwecho anthu a pa David Whitehead ananyanyala ntchito, chipoloŵe chinafalikira mumzinda, ndipo anthu ambiri anafa ndi zipolopolo. Sindikunena kuti parishi ndiyo inatuma anthu kumsewu. Ndikungoti amene anamva kalata ija Lamulungu ndi omwewo amene ankaima pa makina Lolemba. Pa 14 Juni 1993 dziko linasankha zipani zambiri.

Walira mvula walira matope. Kukula kwa maparishi a m'malokeshoni kwabwera ndi katundu wake. Kale chitsulo ndi simenti zinkachokera kwa abale a ansembe kunja. Lero ansembe ndi ana a mu Afrika momwemuno, ndipo denga likadontha ndi Akhristu eni ake amene amapisa m'thumba. Nzoyenera ndithu. Koma m'matchalitchi ambiri a m'tauni, a mipingo yonse, zopereka zachuluka kotero kuti mayi wogulitsa tomato amayamba kuŵerenga makobidi asanaganize zopita kukapemphera, ndipo ena amangokhala kunyumba chifukwa cha manyazi.

Chinanso chikukhudza inu amene mwangolemba mayeso a Fomu 4. Taonani amene amasonkhana ku mphakati pakati pa sabata: amayi, agogo, ndi tiana. Mnyamata akalandira satifiketi amaona ngati kukhala pamphasa nkutsika, ndipo akapeza ntchito amasamukira ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe. Ifenso aphunzitsi tili ndi mlandu womwewo, pakuti timafika pa Misa yoyamba ndi kuthaŵa zolengeza zisanathe. Mlembi wa mphakati wa kwathu ndi gogo wa maso ofooka, amene amalemba maina a odwala m'kope la mdzukulu wake, pamene nyumba zoyandikana nazo muli achinyamata asanu a MSCE amene amangokhala.

Sabata yamaŵa tidzapita ku Chilomoni, ku parishi ya St James, ndipo tidzakwera Njira ya Mtanda ya m'phiri la Michiru. Mudzavale nsapato zolimba.