Mapu a m'kati mwa selo tsopano ali pa intaneti

Mayi woyembekezera akapita kusikelo, anamwino amamupatsa mapiritsi atatu a Fansida kuti amwere pomwepo. Ambiri amadziwa kuti mankhwalawa amateteza ku malungo, koma ndi ochepa amene anaonapo chithunzi chosonyeza pamene amakamenya kachilomboko. Chithunzicho chilipo, ndipo aliyense wokhala ndi intaneti angathe kuchitsegula.

M'selo lililonse ntchito zimayenda mondondozana. Chinthu china chimasandutsidwa china, chimenecho n'kusandutsidwanso china, mpaka thupi litapeza chomwe likufuna. Sitepe iliyonse ili ndi puloteni yake yoiyendetsa. Asayansi amajambula ndondomekozi ngati mapu, ndipo kale mapuwo ankamatidwa pakhoma la labotale, monga aja amene Gerhard Michal anatulutsa ku Germany mu 1965.

Zinthu zinasintha mu 1995 pamene Minoru Kanehisa wa pa yunivesite ya Kyoto ku Japan anayambitsa nkhokwe ya KEGG. Pamapu ake, timabokosi timaimira mapuloteni, timadontho tozungulira timaimira zinthu zimene zikusandutsidwa, ndipo mivi imalozera kumene ntchito ikulowera. Munthu akasankha chamoyo chimene akufufuza, timabokosi ta mapuloteni amene chamoyocho chili nawo timasanduka tobiriwira.

Apa ndiye pagona phindu lake. Kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum kamadzipangira folate, chinthu chimene kamafunikira kuti kachulukane, pamene munthu amachipeza m'ndiwo zamasamba ndi nyemba. Pamapu a kachilomboka, kabokosi ka puloteni ya DHPS n'kobiriwira, koma pamapu a munthu n'kosapakidwa mtundu. Ndiye kuti mankhwala angathe kugwetsa mlatho umenewu popanda kutsekera munthu njira. Fansida amachita zomwezo: sulfadoxine amatseka DHPS, pyrimethamine amatseka puloteni ina ya kutsogolo kwake yotchedwa DHFR.

Dziko la Malawi linasiya kulolokwini n'kuyamba Fansida pochiza malungo mu 1993. Tizilombo titasintha mapuloteni awiri omwewa, mankhwalawo anayamba kuchepa mphamvu, ndipo mu 2007 boma linabweretsa LA. Ofufuza akamalondola kupima kwa tizilombo ku mankhwala kotereku, amayang'ana timabokosi tomweti.

Nkhokwe zina ndi Reactome, imene mapu ake amaunikidwa ndi akatswiri asanatulutsidwe, komanso WikiPathways, yomwe inayamba mu 2008 ndipo wofufuza aliyense amaloledwa kuthandiza kuikonza.

Komabe mapu ambiri sali m'nkhokwezi. Anamwazikana m'malipoti a kafukufuku ngati zithunzi wamba, zimene kompyuta singafufuzemo dzina. Mu 2020, gulu la Alexander Pico la ku Gladstone Institutes ku San Francisco linalengeza kuti latolera zithunzi zoposa 64,000 zofalitsidwa pakati pa 1995 ndi 2019. Pogwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga zilembo za pachithunzi, linapezamo majini a munthu (malangizo opangira mapuloteni) oposa 13,000, ndipo masauzande mwa iwo sanali m'nkhokwe zodziwika zija.

Mapu amajambulidwa ndi anthu, choncho muvi wina umatha kulozera kolakwika kapena kutsalira m'mbuyo kafukufuku atapita patsogolo. Wofufuza wosamala amatsegulanso lipoti limene muviwo unachokera asanaukhulupirire.

Ophunzira zaumoyo, zaulimi ndi zasayansi m'mayunivesite athu asamangodalira chithunzi cha m'buku lakale la mulaibulale. Atsegule mapuwa, awaphunzire, ndipo zimene akupeza pa malungo ndi TB azikazilemba mu WikiPathways.