Tsamba likabweza wamalonda pakhomo lolowera

Nyengo ya manachesi ikafika m'dera la Inkosi Kanduku m'boma la Mwanza, malonda ambiri masiku ano amayambira pafoni. Ogula a ku Blantyre amafunsa mtengo pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndalama zimadutsa pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki, ndipo amene bizinesi yawo inalembetsedwa amaona za misonkho pa Msonkho Online, tsamba la bungwe la MRA.

Pa zonsezi pali chinthu chimodzi chimene chimatopetsa amalonda. Munthu akufuna kuona ndalama zake kapena uthenga wa kasitomala, koma foni ikumupititsa patsamba lina lomufunsa dzina ndi pasiwedi. Ena amati netiweki yavuta, ena amati akampani akungofuna kudya bandulo. Zoona zake n'zakuti tsambalo likugwira ntchito ya ulonda. Vuto ndi lakuti akuba nawonso amamanga makomo ofanana ndi enieniwo, ndipo wamalonda wosadziwa kusiyanitsa amapereka yekha kiyi wa ndalama zake.

Chimene chimachitika m'foni

Masamba a pa intaneti amasungidwa m'makompyuta akuluakulu otchedwa seva. Munthu akadina penapake, foni yake imatumiza pempho ku seva, seva n'kuyankha. Koma seva siikumbukira nkhope. Pempho lililonse imalilandira ngati lachokera kwa mlendo, ngakhale munthuyo atalowapo mphindi ziwiri zapitazo.

Zili ngati pamsika. Wotolera ndalama wa khonsolo sangaloweze pamtima aliyense amene walipira, choncho amang'amba tikiti. Akadutsanso masana, woonetsa tikiti ya tsikulo amasiyidwa, wopanda tikiti amauzidwa kuti alipire kaye. Pa intaneti napo, munthu akalemba dzina ndi pasiwedi zolondola, seva imapatsa foni yake kachizindikiro kotchedwa cookie. Njira imeneyi inayamba mu 1994 ndi katswiri wina, Lou Montulli, wa kampani ya Netscape ku America. Pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome, imasunga kachizindikiroko ndipo imakaonetsa pa pempho lililonse, mwini foni osadziwa.

Kachizindikiroko kakasowa kapena kakatha ntchito, seva siitumiza tsamba lopemphedwalo. Imatumiza yankho lalifupi, kawirikawiri la nambala 302, lokhala ndi adiresi ya tsamba lolowera, ndipo foni imatsatira adiresiyo nthawi yomweyo. N'chifukwa chake munthu amangoona kuti wafika kwina. Masamba opangidwa bwino amasunganso kumene munthuyo amapita, kuti akatha kulowa afikire pomwepo osayambanso kufufuza.

Chifukwa chake tikitiyi imatha

Masamba onse sapereka nthawi yofanana. A banki amatseka pakapita mphindi zochepa munthu asanadine kalikonse, pamene Facebook imatha kusiya munthu ali mkati kwa miyezi. Kumene kuli ndalama, chingwe chimakhala chachifupi. Ngakhale pa *211# kapena *444#, wochedwa kuyankha amadulidwa n'kuyambiranso.

Tikitiyi imathanso munthu akasintha foni, akafufuta zimene pulogalamu inasunga pofuna kupeza malo m'foni, kapena akasintha pasiwedi. Palibe chachilendo pamenepo.

Foni ya wamalonda imadutsa m'manja ambiri. Imasiyidwa potchajitsa, imabwerekedwa ndi mwana kapena mnzake wa pabenchi, imagwa m'minibasi. Tsamba likanakhala lotsegula nthawi zonse, aliyense woitola akanaona ndalama zimene zalowa, maina a ongongola ndi nambala za makasitomala. Mphindi imodzi yolembanso pasiwedi ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi zimenezo.

Chofunika ndi kukonzeka. Wofuna kulemba fomu yaitali, monga ya msonkho, ayambe walemba papepala nambala yake ya msonkho ndi ziwerengero zonse za pa malisiti. Akayamba kusakasaka malisiti fomu ili yotsegula, tsamba likhoza kumubweza pakhomo, zonse zimene analemba n'kutayika, bandulo nayo itapita.

Khomo labodza

Akuba amadalira chizolowezi. Amadziwa kuti munthu amene wabwezedwa pakhomo kambirimbiri amalemba pasiwedi mosaganizanso. Choncho amatumiza linki pa SMS, pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndi mawu ofulumizitsa: akaunti itsekedwa lero, pali ngongole ya amalonda ang'onoang'ono, kapena pali wogula amene akufuna matumba ambiri a nandolo ndipo oda yake ili pa linkiyo. Wodina amafika patsamba lokhala ndi mitundu ndi chizindikiro cha kampani yeniyeni. Zimene walemba pamenepo zimapita kwa wakuba.

Masamba ambiri otere akalandira pasiwedi amamupititsa munthuyo kutsamba lenileni. Iye amangoganiza kuti analakwitsa chilembo, amalembanso, n'kulowa bwinobwino. Amadzazindikira mochedwa, makasitomala atayamba kudandaula kuti atumiza ndalama ku nambala imene analandira kuchokera ku akaunti yake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maonekedwe a tsamba amakopeka mosavuta, koma adiresi yake, imene imakhala pamwamba kapena pansi pa pulogalamu, siikopeka. Poiwerenga, zilembo za https ndi timizere tiwiri totsatirapo sizikhala ndi kanthu. Dzina la mwini tsamba ndi mawu omalizira asanafike kamzere kopendekeka koyamba pambuyo pake. Tsamba la Facebook limathera pa facebook.com, la MRA pa mra.mw. Ngati pambuyo pa mawu amenewa pali kadontho ndi mawu ena kamzereko kasanafike, kapena chilembo chimodzi chasinthidwa, tsambalo ndi la munthu wina.

Kachizindikiro ka loko kapena zilembo za https sizitsimikizira kuti mwini tsamba ndi wachilungamo. Zimangotanthauza kuti uthenga ukuyenda mobisika panjira, ndipo akuba nawo amatha kukhala nazo.

Lamulo losavuta kusunga ndi ili: khomo limene munthu wafikapo atadina linki yotumiziridwa, asalembepo kanthu. Atseke, kenako atsegule yekha pulogalamu ya banki kapena alembe yekha adiresi imene amaidziwa. Ngati uthengawo unali woona, adzaupeza mkatimo. Komanso khomo la Facebook kapena la misonkho silifunsa PIN ya Mpamba kapena ya Airtel Money, ndipo nambala ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza pa SMS siiperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa kukampani.

Amene wazindikira kuti walemba pasiwedi pakhomo lokayikitsa asinthe pasiwediyo nthawi yomweyo, pamodzi ndi kwina kulikonse kumene anagwiritsa ntchito yomweyo. Adziwitse banki kapena kampani ya foni kudzera pa nambala zawo zodziwika, achenjeze makasitomala, ndipo akanene kupolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa mu akaunti kapena kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, choncho mauthenga onse asungidwe ngati umboni.

Kwa opangitsa tsamba lawolawo

Magulu a alimi, makopaletivi ndi mashopu ena ayamba kulemba achinyamata odziwa makompyuta kuti awapangire tsamba losungira katundu, ngongole ndi maina a mamembala. Mwini ntchito safunika kudziwa kalembedwe ka mapulogalamu kuti ayese ngati khomo lake ndi lolimba. Mayeso awa akhoza kuchitika pa mafoni awiri, ndalama yomaliza isanaperekedwe.

Choyamba, alowe, atsegule tsamba la ngongole, akope adiresi yake n'kuitsegula pa foni ina imene sinalowepo. Foni yachiwiriyo iyenera kubwezedwa pakhomo lolowera isanaone ngakhale dzina limodzi. Opanga ena amangobisa batani lopita kutsambalo, koma wodziwa adiresi n'kumalowa. Ulonda weniweni umachitikira ku seva, pa tsamba lililonse lachinsinsi.

Chachiwiri, alembe pasiwedi pa foni yachiwiriyo ndi kuona ngati yafikira pa tsamba la ngongole lomwe lija. Wopangayo afunsidwenso ngati anatseka mpata woti munthu akatha kulowa atumizidwe kutsamba la eni ena. Mpata umenewu ukasiyidwa, wakuba amatha kupanga linki yoyamba ndi dzina lenileni la gululo koma yothera kwa iye.

Chachitatu, atuluke pogwiritsa ntchito batani lotulukira, kenako adine lobwerera m'mbuyo ndi kuyesa kutsegula tsambalo kachiwiri. Likatseguka ndi maina onse, khomolo silinatsekeke.

Chachinayi, aliyense akhale ndi dzina ndi pasiwedi yakeyake. Kulowa ndi kuloledwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mnyamata wa pashopu akhoza kulowa n'kulemba zimene wagulitsa, koma akayesa kutsegula tsamba la phindu ayenera kuuzidwa kuti alibe chilolezo. Akasiya ntchito, dzina lake lokha ndi limene limachotsedwa.

Chomaliza chikukhudza malonda enieni. Si tsamba lililonse loyenera kukhala ndi mlonda. Mitengo, mtundu wa katundu, malo ndi nambala ya bizinesi zikhale poyera. Wogula wa ku Limbe amene akufuna kudziwa mtengo wa manachesi a ku Mwanza akauzidwa kuti alembetse kaye, amatseka n'kukafunsa kwa wina. Katundu amayalidwa pabenchi kuti aliyense aone, koma buku la ngongole ndi thumba la ndalama zimakhala kuseri, kumene amafika ndi mwini yekha.