Chinamwali cha Anyamata a Malaya Oyera

Ambiri akawaona amati ndi a Mboni za Yehova, koma ayi. Anyamata oyenda awiriawiri aja timakumana nawo m'misewu ya ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka, ovala malaya oyera, tayi ndi kabaji kakuda pamtima, ndi amishonale a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu anauzolowera kuti wa Mormon. Anauyambitsa ndi Joseph Smith mu 1830 m'chigawo cha New York, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City, ku Utah. Akamaponda fumbi m'dzuwa la Okutobala, timati abwera kudzatitembenuza. Ine ndimaona kuti amene amaumbidwa kwambiri pa zaka ziwirizo ndi mnyamata wa tayiyo mwiniwake. Umishonalewu ndi chinamwali cha mpingo wawo.

Mnyamata akafika msinkhu, bishopu wake amamufunsa za khalidwe lake, amadzaza mafomu, kenako amadikira kalata yochokera kulikulu. Kopita sasankha yekha. Ku Utah tsiku lotsegula kalatayo abale amasonkhana, ena n'kumalosera pa mapu kuti apita ku Peru, ku Japan kapena ku Zambia. Anyamata amatumikira miyezi 24, atsikana miyezi 18. Mu 2012 mtsogoleri wa mpingowu, Thomas S. Monson, anatsitsa zaka za anyamata kuchoka pa 19 kufika pa 18, choncho ambiri amanyamuka atangomaliza sekondale. Malipiro palibe. Banja ndi limene limalipira, ndipo ku America kwa zaka zambiri mtengo wake unali madola 400 pa mwezi. Ochokera m'mayiko osauka amapereka zimene angathe, mpingo n'kuwonjezera zotsalazo.

Apa mpamene kholo la kuno limayamba kupukusa mutu. Kwathu mwana wamwamuna akachoka pakhomo zaka ziwiri, ndiye kuti wapita kukasaka. Agogo athu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela mpaka pamene Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974, ndipo pobwera ankatsitsa sutikesi, mabulangete ndi njinga. Lero ana athu ali ku Johannesburg ndi Cape Town, ndipo pakutha pa mwezi mayi amayang'anitsitsa foni. Kholo la ku Utah ndalama limachita kutumiza, podziwa kuti mwana adzabwera ndi nsapato zong'ambika basi.

Komabe amene anapitako ku dambwe kapena ku jando sangadabwe ndi zambiri za moyo wa mmishonale. Namwali amachotsedwa pamaso pa amayi ake, amapatsidwa miyambo ndi zoletsedwa, ndipo wa ku jando amatuluka ndi dzina latsopano. Mmishonale nayenso amayamba wabindikiritsidwa masabata angapo kusukulu yawo ya ku Provo, Accra kapena Johannesburg. Dzina lake loyamba limasungidwa, aliyense n'kumamutchula kuti Elder wakutiwakuti, ndipo mtsikana ndi Sister. Chibwenzi ayi, kusambira ayi, wailesi yakanema ndi nyimbo zakudziko ayi. Mpaka 2019 ankaloledwa kuimba foni kwawo kawiri kokha pa chaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala, koma tsopano amalankhula ndi makolo sabata iliyonse. Kusiyana kwake nkwakuti chinamwali chathu chimatha m'masabata ochepa a holide ndipo chimabisa mwana kwa anthu, pamene chawo chimamukankhira pakhomo la munthu aliyense wosamudziwa.

Tsiku lake limalamulidwa ndi wotchi. Mwa ndondomeko yawo yodziwika, amadzuka 6:30, amachita masewera olimbitsa thupi, amawerenga yekha Baibulo ndi Buku la Mormon kwa ola limodzi, amawerenganso ndi mnzake, ndipo ngati akuphunzira chilankhulo chatsopano amachipatsanso nthawi yake. Kenako pamsewu mpaka madzulo, 10:30 magetsi azima. Tsiku limodzi pa sabata, kawirikawiri Lolemba, ndi lochapa, lopita kumsika ndi lolankhula ndi kwawo. Anthu amene awaphunzitsa amawerengedwa, chiwerengerocho n'kupita kwa akuluakulu. Ndiye taganizani anyamata otere atapangana ndi mayi wina ku Ndirande kuti akumane 3 koloko. Afika nthawi yake, n'kuuzidwa ndi mwana kuti amayi apita kuchigayo. Akhala pakhonde, ana a m'dera lonse awazungulira, mmodzi akukoka tayi.

Mmishonale wotumidwa ku Germany kapena ku France amazolowera chitseko chomenyetsedwa asanamalize moni. Kuno zimenezo kulibe. Ukati "Odi!" akuyankha, akupatsa mpando, amvetsera ola lathunthu, ndipo potsanzikana akuti, "Lamlungu lino tibwera ndithu, musakayike." Lamlungu lifika, anyamata aima pageti la tchalitchi mpaka mapemphero kuyamba. Munthu sananame mwa kuona kwake, anangosunga ulemu wa mlendo. Ndikuganiza kuti kukanidwa kotereku kumapweteka pang'onopang'ono kuposa chitseko chija, chifukwa mnyamata amakhala atapempherera kale banjalo ndi mayina.

Chinthu chimene amishonale ambiri a ku America amati chinawavuta ndi mnzawo woyenda naye. Lamulo limati asasiyane, azikhala poonana ndi pomvana usana ndi usiku. Mnzakoyo susankha, ndipo pakatha masabata 6 alionse mkulu wa mishoni akhoza kukusintha malo kapena kukupatsa wina. Kwa mwana amene anakula ndi chipinda chakechake, chokhala ndi loko, ichi ndi chipsinjo. Mnyamata wa ku Dedza amene anagona m'mphala ndi anzake, n'kupitanso sekondale yogonera komweko, saonapo chachilendo. Iye chimene chingamudabwitse ndi kuona mnzake akuphika mbale imodzi n'kudya yekha, iye ali pomwepo, osanena n'komwe kuti tiyeni tisambe m'manja. Awiriwa amaphunzitsana zinthu zimene sizinalembedwe m'buku lawo la malangizo. Ndipo tisaiwale kuti kuyenda limodzi kwa Elder wakuda ndi Elder mzungu ndi kwa posachedwapa, pakuti mpaka Juni 1978, pa nthawi ya Spencer W. Kimball, mpingowu sunkapereka unsembe kwa amuna akuda. Amalawi owerenga amawafunsa zimenezi, ndipo mnyamata wa zaka 19 amayenera kupeza choyankha pa nkhani imene inachitika asanabadwe.

Tiyi nayenso ali ndi mlandu wake. Lamulo lawo la zaumoyo, la mu 1833, limaletsa mowa, fodya, khofi ndi tiyi. M'dziko la minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, kukana kapu ya tiyi pakhomo pa munthu si nkhani yaing'ono. "Ana anga, simumwa tiyi? Mukudwala kapena?" "Ayi amayi, ndi lamulo la kutchalitchi kwathu." Mayi atulutsa thobwa, anyamata ayang'anana, wakuno anunkhiza kaye kuti amve ngati silinasase, kenako agwedeza mutu kuti mnzake amwe. Za fodya ndiye zimalemera kuposa pamenepo. Mwana amene anakula akumva kuti fodya ndi woipa amapeza kuti fizi ya ana a m'nyumba imene yamulandira ikuchokera ku mabelo ogulitsidwa ku Kanengo.

Koma pamene miyambo iwiriyi imawombana kwenikweni ndi pa maliro. Chizolowezi cha amishonalewa chakhala choti wachibale akamwalira kumudzi, mwana amalimbikitsidwa kukhalabe pa ntchito. Mabanja ambiri a ku Utah amazitenga ngati nsembe, ndipo mayi wofedwa amalembera mwana wake kuti asabwere, bambo ake akanafuna kuti amalize. Kwathu mawu amenewa ndi ovuta kuwatulutsa pakamwa. Maliro amaimitsa ukwati, msika ndi ntchito ya kumunda. Amene sanagone pasiwa, sanaponye dothi m'manda, amakhala ndi ngongole imene abale saiwala, ndipo amalume adzaikumbutsa pa nkhani ina iliyonse ya banja. Mnyamata wa kuno amene wamva uthenga wa imfa ya agogo ake ali ku Accra kapena ku Nairobi, n'kudzuka mawa lake kumanga tayi, akulipira mtengo umene mnzake wa ku Idaho sangaumvetse msanga. Sindikunena kuti mzunguyo salira. Amalira, koma mudzi wake sumuimba mlandu.

M'zinthu zoterezi ndi mmene chikhulupiriro chawo chimayesedwa. Ambiri amanyamuka ndi chipembedzo cha makolo, chongotengera. Akakanidwa miyezi ingapo, malungo atawagwetsa, kwawo atakusowa, amayamba kudzifunsa ngati zimene akuphunzitsazo amazikhulupirira eni ake. Amalimbikitsidwa kulemba za tsiku lililonse m'kabuku kawo, ndipo Lamlungu loyamba la mwezi amasala chakudya n'kuimirira pamaso pa mpingo kuchitira umboni. Ena amalimba. Ena nkhawa imawakulira n'kubwerera msanga, ndipo manyazi amene amakumana nawo kwawo sasiyana kwenikweni ndi a mwana wothawa ku simba, ngakhale atsogoleri awo masiku ano amayesetsa kuwachotsa.

Mayiko ena alinso ndi njira zawo. Ku Thailand anyamata ambiri amameta mutu n'kukhala amonke a Chibuda kwa masabata kapena miyezi ingapo. Ku Nigeria, kuyambira 1973, omaliza yunivesite amatumikira dziko chaka chimodzi, kawirikawiri kutali ndi kwawo. Ife tinali ndi Apayoniya, amene anathera m'kulira kwa mfuti mu Disembala 1993. M'mipingo yathu ikuluikulu ulaliki timausungira ophunzira ndi achikulire. Wofuna unsembe amakhala zaka zambiri ku seminale monga ya Kachebere, mkulu wa mpingo amasankhidwa imvi zitayamba, ndipo wachinyamata malo ake ndi kukwaya. A Mormon amapereka ntchitoyo kwa mwana, zaka ziwiri zikatha n'kuilandanso. Amavula kabaji kaja, dzina lake loyamba limabwerera, ndipo akuluakulu amayamba kumufunsa za sukulu ndi banja.

Wa ku America amakalowa Brigham Young University kapena koleji ina, ali ndi chilankhulo chachiwiri chimene olemba ntchito amachifuna. Wa kuno amatsika basi ku Wenela ndi chikwama chimodzi, Chingerezi chosalala ndi chizolowezi chosunga nthawi, n'kupeza anzake a fomu folo ena ali pa kabaza, ena anawoloka Limpopo. Mpingo uli ndi thumba la ngongole za maphunziro limene Gordon B. Hinckley anakhazikitsa mu 2001, komanso maphunziro a pa intaneti, koma zimenezi zimafuna netiweki ndi magetsi. Azakhali akabwera kudzamulonjera amayamba ayang'ana chikwamacho, kenako n'kufunsa kuti ntchito ayamba liti.